Katundu wa agogo ali patebulo ku Cape Town

 Chimanga talowetsa, mtedza uli padzuwa, ndipo monga mudziwa ino ndi nyengo imene anyamata a sikelo amazungulira m'midzi. Ena akufuna soya, ena mtedza, koma palinso aja amakuwa kuti "Zitsulo! Zitsulo zakutha!" Amenewa ndi amene andichititsa kuti lero ndisalembe za mbewu. Ndilemba za katundu wakale, uja timaponya kuseri kwa nkhokwe, ndi za msika wina wakutali kumene katundu wa mtundu womwewo amamupukuta, kumuyala patebulo, n'kumuikira mtengo. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye pezani pokhala.

Pakati penipeni pa mzinda wa Cape Town pali bwalo lotchedwa Greenmarket Square. Pansi pake anayalapo miyala, m'mbali mwake muli nyumba zakale, ndipo phiri lija la Table Mountain lili chapafupi, kuyang'anira mzinda wonse. Ndinapondapo Loweruka lina m'mawa, pa ulendo wokaona mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito kumeneko. Pabwalo penipenipo pamagulitsidwa ziboliboli, mikanda, nsalu ndi zojambula, ndipo ogulitsa ake ndi ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa muno. Ukatchera khutu umamva Chiswahili, Chifalansa, Chishona, ngakhale Chichewa chathu chomwe. Ukayenda pang'ono n'kulowa kamsewu ka Church Street, chigawo chimene mumangodutsa anthu apansi, ndi pamene umapeza matebulo a zinthu zakale, zimene eni ake amati ma antique. Kwa akatswiri a malondawa, chinthu chimayenera dzina limeneli chikakwanitsa zaka 100, koma pamatebulopo pamakhalanso zambiri za nthawi ya makolo athu omwewa.

Ndiyambe ndi bwalolo, chifukwa nalo ndi chinthu chakale. Dzina lakuti Greenmarket likutanthauza msika wa ndiwo zamasamba, choncho ine mlimi sindinali mlendo kwenikweni. Mzinda wonsewo unayamba ngati dimba. Mu 1652 kampani ya Adatchi yochita malonda ndi maiko a kum'mawa inatumiza Jan van Riebeeck kuti akakhazikitse malo pamene sitima zapamadzi zizipezapo madzi abwino, nyama ndi ndiwo. Amalinyero ankatha miyezi panyanja akudya zouma zokhazokha, mpaka nkhama kutupa, mano kugwa, ena kufa kumene. Mankhwala ake anali masamba ndi zipatso basi. Dimba limenelo lilipo mpaka lero, amalitcha Company's Garden, ngakhale tsopano ndi malo opumulirako. Bwalo la Greenmarket linayamba mu 1696, ndipo alimi ankabwerapo ndi ngolo za ng'ombe kudzagulitsa zokolola. Nyumba yoyera ili pambali pake, Old Town House, anayamba kuimanga mu 1755.

Koma ankalima ndiwozo ndani? Ankazisenza ndani? Akapolo. Kuyambira 1658 anthu ankabwera nawo kuchokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi kuzilumba za Indonesia, ndipo ndi iwo ankagwira khasu, kutunga madzi ndi kunyamula madengu. Pabwalo lomwelo anthunso ankagulitsidwapo. Ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834, komabe anthuwo anawakakamiza kugwirira mabwana awo zaka zina zinayi, mpaka 1838. Patapita nthawi bwalolo linasanduka poimika galimoto, kenaka m'zaka za m'ma 1980 linabwereranso kukhala msika. Ndiye taonani: bwalo limodzi lagulitsapo kabichi, lagulitsapo anthu, laimikapo galimoto, lero likugulitsa zikumbutso kwa alendo.

Pali nkhani ina ya kumeneko imene ndikufuna muisunge, chifukwa tiifuna kutsogoloku. Mu December 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José inanyamuka pachilumba cha Mozambique ndi akapolo oposa 400, ulendo wa ku Brazil. Masiku amenewo njira zamalonda zofika pachilumbacho zinkachokera kumtunda, mpaka kumadera a kufupi ndi nyanja yathu ino. Sitimayo inasweka pamiyala ya ku Clifton, kuseri kwa mzinda wa Cape Town. Anthu oposa 200 anafera m'madzi, opulumuka anagulitsidwa konko. Mu 2015 akatswiri analengeza kuti malo ake apezeka. Mwa zimene zinawathandiza kuizindikira munali zitsulo zolemera zimene ankaika pansi pa sitima kuti isamapendekeke ikanyamula anthu. Zitsulo zadzimbiri, zopanda maonekedwe, zoti mnyamata wa sikelo akanangozipima n'kuponya m'thumba. Koma zinachitira umboni anthu amene maina awo sanalembedwe paliponse.

Tsopano tiyeni kumatebulo.

Choyamba kundiimitsa chinali mbale yodzaza ndalama zachitsulo zosakanikirana. Nditavundula ndi chala, ndinaona khobidi loboola pakati, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku, chisoti chachifumu pamwamba, kuseri kwake atalemba Rhodesia and Nyasaland. Achinyamata inu simunaligwirepo, koma agogo anu ankawatunga pachingwe ngati mikanda, kapena kuwamanga pamfundo ya nsalu. Ndalama zimenezi zinatuluka mu 1955, nthawi ya chitaganya chija chinayamba mu 1953 n'kutha pa 31 December 1963, chimene makolo athu anachikana mpaka ena kumangidwa, ena kuphedwa mu 1959. Theka la khobidi linali ndi akadyamsonga, nalonso loboola. Ndalama ya masheleni awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Kunali tiki, kunali sikisi, kunali sheleni ndi hafukoloni. Makhobidi khumi ndi awiri ankapanga sheleni, masheleni makumi awiri ankapanga paundi. Agogo osapita kusukulu ankawerengera zonsezi pamtima, ndipo mmwenye wa m'sitolo sankawapusitsa chisawawa.

Musaganize kuti ndalama inalowa m'mudzi ngati mlendo woitanidwa. Inalowa ndi msonkho. M'zaka za m'ma 1890, boma la Harry Johnston linaika msonkho wa masheleni atatu pa nyumba iliyonse. Munthu wokhala ndi nkhokwe yodzaza, mbuzi m'khola, nkhuku pabwalo, anapezeka kuti ndi wamlandu chifukwa analibe kachitsulo kozungulira. Kuti akapeze, anayenera kunyamula mtengatenga, kukagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kumene kunali thangata, kapena kutuluka m'dziko. Mkwiyo wa John Chilembwe mu January 1915 unachokera m'zinthu ngati zimenezi. Ndiye khobidi likakhala m'dzanja, dziwani kuti kumbuyo kwake kuli thukuta la anthu.

M'mbale momwemo munalinso zathu za 1964, zokhala ndi nkhope ya Kamuzu. Sikisi inali ndi tambala, ya masheleni awiri inali ndi njovu, ndipo sheleni inali ndi zisononkho za chimanga. Eetu, chimanga chathu chomwechi chinakhalapo pa ndalama ya dziko. Mu 1971 kutabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, sheleni inasanduka 10 tambala, ndipo chimanga chija chinasamukira pa 10 tambala. N'chifukwa chake akuluakulu anapitiriza kwa zaka zambiri kutchula 10 tambala kuti sheleni. Lero 10 tambala yomweyo ukaitola pansi, mwana amakufunsa kuti n'chiyani.

Tebulo lina linali ndi za m'nyumba: nsimbi ya makala yokhala ndi katambala potsekera, sitovu ya Primus yamkuwa yopukutidwa mpaka kuwala ngati golide, nyali ya Tilley yopopa, miphika yachitsulo ya miyendo itatu, mbale ndi makapu zamalata zokutidwa ndi utoto woyera. Ndinaseka ndekha, chifukwa nsimbi ya mtundu umenewo kwathu kuno ikugwirabe ntchito Loweruka lililonse madzulo, kusita zovala za kutchalitchi. Kumeneko anthu amaigula kuti akaike pashelefu, kapena kutsamiritsa chitseko. Primus inayamba kupangidwa ku Sweden mu 1892, ndipo m'midzi mwathu inali ya aphunzitsi, alembi a mafumu ndi obwera ku Joni. Nyumba yoyaka Tilley inkaoneka uli kutsidya kwa dambo, pamene enafe tinkasuzumira makope pa koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye.

Pansi pa tebulolo panali bokosi lachitsulo, lija la zogwirira m'mbali ndi pokolekera loko kutsogolo. Apa ndiye mtima unagunda. Bokosi lotere ndi limene linkabwera nawo amuna a m'midzi yathu pochoka kumigodi. Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela linkalemba anthu kuno kupita ku migodi ya golide ya ku South Africa, pamene Mthandizi ankatengera ena ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre linachokera pamenepo. Ena ankapita okha, wapansi, miyezi panjira. Mmodzi mwa oyenda okhawo anali Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko la Cape Town lomwelo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

A Wenela ankakwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo n'kukwera sitima yapamtunda. Pa 4 April 1974 ndege ina yobwera nawo kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo anthu oposa 70 anafa, ochuluka mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontirakiti. Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lija timati Theba, n'kudzatheratu mu 1988. Mpaka lero pali madala amene akudikirabe ndalama zawo za kumigodi, ena anapita kumanda ali chidikirire.

M'bokosimo munkakhala chiyani? Bulangete lolemera, chikhothi chachikulu, nsapato, nsalu za mayi ndi za apongozi, sopo wonunkhira, galasi loyang'anira. Wamwayi ankabweranso ndi njinga ya Raleigh kapena Humber, galamafoni yopukusa ndi mbale zake, kapena mutu wa makina osokera. Tsiku lotsegula bokosi mudzi wonse unkasonkhana. Koma tisaiwale mbali inayo. Zaka ziwiri zimene bambo anali pansi pa nthaka ku Joni, munda unali m'manja mwa mayi: kusosa, kugalauza, kupalira, kubandira, kukolola, kufolera nkhokwe, zonse yekha ndi ana. Ndipo ena sanabwerenso, aja tinkawatcha matchona. Bokosi lililonse lofika pamudzi linali ndi mnzake amene sanafike.

Makina a Singer analipo angapo, akuda ndi maluwa agolide. Mayi wina wachikulire wogulitsa pamenepo anandionetsa nambala yodindidwa pachitsulo chake, n'kunena kuti ndi nambala imeneyo munthu amatha kudziwa chaka ndi fakitale imene makinawo anapangidwira. Ambiri ofika kumaiko athu kuno ankachokera ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow ku Scotland, fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Ku Glasgow komweko ndi kumene kunachokera kampani ya African Lakes mu 1878, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, dzina lochokera pa magalasi amene John Moir ankavala. Nyumba yawo ya 1882 ikadalipo ku Blantyre. Kumbukirani telala wapakhonde pa sitolo ya mmwenye: umagula nsalu mkati, n'kutuluka kukayezetsa pakhonde. M'zaka za m'ma 1970 boma litalamula kuti amwenye achoke m'madera akumidzi n'kukachita malonda m'mizinda, matelala ambiri anatsala pamakonde a sitolo zotseka. Makina omwewo anasoka yunifolomu za ana, madiresi aukwati ndi nsalu za maliro za midzi yathunthu.

Panalinso mawayilesi akale, ndipo anandikumbutsa ina imene akuluakulu amaisimba. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wayilesi yotsika mtengo, yozungulira ngati sefuliya, mpaka inatchedwa Saucepan Special. Inapangidwira anthu a kumidzi a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia, kuti azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhula Chinyanja pamodzi ndi zilankhulo zina. Inkagulidwa mapaundi asanu, batire lake padera. Kumeneko ndi kumene anthu anamvera mawu a Alick Nkhata. MBC yathu inadzayamba mu 1964, kenaka kunabwera wayilesi za Nzeru zopangidwa ku Blantyre. Pakhomo pokhala wayilesi pankakhala ngati pabwalo la mfumu: madzulo anthu ankabwera ndi mipando yawo, ndipo mwini wake ankaitseka nkhani zikangotha, kusunga batire.

Tsopano mvetserani chimene sindinachione. Ndinayenda tebulo ndi tebulo, koma khasu la makolo athu panalibe. Zonse ndatchulazi ndi zobwera, zogula. Pamene chitsulo chathuchathu, chosungunula ndi kusula kuno, n'chakale kuposa zonsezo. David Livingstone ndi anzake atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo zake, osula ake, ndi anthu opota thonje n'kuomba nsalu. Kumpoto Aphoka ankadziwika ndi luso lomweli. Anthu ankakumba miyala ya chitsulo, kuotcha makala a mitengo yolimba, kuumba ng'anjo yadothi, kuisonkhezera usiku ndi usana, kenaka kusula ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Khasu lotuluka pamenepo linali chuma. Linkasinthanitsidwa ndi mchere, nsalu ndi ziweto, linkalipira milandu, linkaperekedwa kwa mafumu. Makasu a m'sitolo atachuluka, ng'anjo zinazima imodziimodzi, ndipo luso linapita ndi eni ake. Lero ukamalima pafupi ndi chulu n'kufukula zibuma zakuda zolemera ngati zinasungunukapo, ndiye kuti waponda pa fakitale ya makolo. Ambirife timangoziponya kumalire a munda.

Chifukwa chake khasu lotere silipezeka n'chosavuta. Khasu silikalamba pashelefu. Limalima mpaka kutha, likachepa limasanduka kakhasu ka mwana kapena kokumbira mbatata, likatheratu wosula amalisandutsa mpeni kapena kasemasema. Katundu wa mlimi amafera pantchito. Mtondo umabooka, lichero limadyedwa ndi chiswe, nkhali imasweka, mphasa imayalidwa m'manda. Chotsala ndi mphero yokha, mwala uja agogo ankaperera mawere ndi mapira, umene tsopano nkhuku zikumwerapo madzi. Choncho zinthu zochepa zimene zapulumuka m'nyumba zathu n'zosowa kuposa mmene timaganizira.

Za pabwalo lija la ziboliboli ndinenepo pang'ono. Mipando ija ya matabwa awiri opingasa, yosemedwa njovu ndi anthu, imene timaiona m'mbali mwa misewu kwathu kuno, ili komweko mbwee, ndipo ana athu ena akudya nayo. Ntchito yabwino, palibe choipa. Koma si chilichonse chooneka chakale chimene ndi chakale. Pali ena amadziwa kudetsa mtengo watsopano ndi utsi, polishi wa nsapato ndi dothi, kuti mlendo aziti wapeza cha makolo. Ndipo pali zinthu zina za kudambwe zimene malo ake si patebulo la malonda. Eni mwambo andimva, sindipitirira apa.

Nanga mtengo wa chinthu chakale umachokera pati? Mayi uja anandiuza mosabisa. Anati nsimbi ziwiri zikhoza kufanana chilichonse, koma imene ikudziwika mwini wake, kumene inachokera ndi chaka chake, makamaka pakakhala kalata, risiti kapena chithunzi, ndi imene ogula amalimbirana. Kunena kwina, chokwera mtengo ndi nkhani yake. Tsono apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse, abale anga. Matebulo a ku Church Street ali ndi katundu, koma nkhani zambiri zinatayika panjira: bokosi lija palibe akudziwa kuti linali la yani, linakwera sitima iti, linatsegulidwa pamudzi uti. Ife kuno nkhani tili nazo, zili m'kamwa mwa agogo amene akuwotha dzuwa pakhonde pompano. Koma katundu wake tikumupimitsa pa sikelo, pa kilo, n'kulandira beseni lapulasitiki losatha ndi chaka chomwe.

Sindikunyoza wogulitsa ayi. Katundu amachoka pamudzi nthawi ya mavuto. Pa njala ya 1949 anthu anasinthanitsa zovala ndi ziwiya ndi chakudya. Mu 2002 tinaona ndi maso athu njinga, mawayilesi ndi malata zikupita pa mtengo wa ndowa ya chimanga kapena ya madeya. Mwana akamalira ndi njala, kapena akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, palibe angakuuze kuti usunge nsimbi ya agogo. Njira ina ndi ya pamaliro: pogawana katundu wa malemu, aliyense amathamangira malata, mbuzi ndi foni, pamene bokosi la mapepala limasiyidwa m'nyumba yodontha mpaka chiswe chimalize. M'mabokosi otere ndi mmene mumakhala ziphaso za Wenela, malisiti a msonkho, makadi ogulitsira fodya ndi mtedza ku Farmers Marketing Board isanasanduke ADMARC mu 1971, makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury. Madala ena ofuna ndalama zawo za kumigodi avutika kupereka umboni chifukwa mapepala otere anasowa. Mukuona kuti si nkhani ya chikumbutso chokha?

Ndichenjezenso za mbali inayi, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga izi n'kuyamba kulota mamiliyoni. Khobidi loboola si chuma. Anapanga ochuluka zedi, n'chifukwa chake kumeneko amangowathira m'mbale. Ndipo mphekesera zija zimabwera nyengo ndi nyengo, zoti mu nsimbi yakale, mu Primus kapena mu makina a Singer muli mankhwala ena ake ofiira ogulidwa ndalama zosawerengeka, ndi bodza la akathyali. Amayamba ndi kukuuzani kuti kuli bwana wofuna kugula, kenaka amati mupereke kaye ya mayendedwe kapena yoyezetsera, basi simudzawaonanso. Ena aphwanya makina abwinobwino kufunafuna chinthu chimene mulibe. Komanso dziwani kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zamakedzana, ndipo zotere sizitulutsidwa kunja popanda chilolezo cha boma.

Malo osungira zakale tili nawo. Ku Chichiri mu Blantyre kuli nyumba ya boma yosungira zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo ngakhale panja pake pali makina akale oti ana aone. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene kwasungidwa zambiri za Achewa, Angoni ndi Ayao. Aphunzitsi, mukapeza mpata pitani nawoni ana. Komabe malo amenewa sangasunge mbiri ya banja lililonse. Sangadziwe kuti makina ali kwanuwo anagulidwa ndi ndalama za fodya wa chaka chiti, kapena kuti njinga yopachikidwa kudenga ija inanyamula amayi angati kupita nawo kuchipatala usiku. Imeneyo ndi ntchito ya mbumba.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, silifuna ndalama. Sabata ino lowani m'nyumba ya agogo, muone chimene chatsala. Chitulutseni, muchipukute, mukhale nawo pansi eni ake n'kuwafunsa: ichi anagula ndani? Kuti? Anagulitsa chiyani kuti achipeze? Chinabwera bwanji pamudzi pano? Lembani mayankhowo m'kope wamba la ana asukulu, chaka chikakumbukika mulembenso, ndipo ngati chaiwalika funsani kuti inali nthawi ya njala iti, ya mfumu iti, mwana uti ali kumsana. Jambulani chinthucho pafoni pamodzi ndi mwini wake. Mapepala aikeni mu pulasitiki, muwapachike pamene chiswe ndi mvula sizifika. Pogawana za malemu, musankhe munthu mmodzi wodekha woti azisunga zotere m'dzina la banja lonse, ndipo onse adziwe kuti si zake zogulitsa.

Ngati mavuto akupanikizani mpaka kugulitsa, gulitsani, moyo ndi wofunika. Koma yambani mwalemba ndi kujambula, ndipo musalole kuti makina osoka bwinobwino apimidwe ngati chitsulo chakutha. Telala wa pamsika angakupatseni zochuluka kuposa wa sikelo, ndipo makinawo apitiriza kuveka anthu a kwanu komweko.

Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Amene anagwira khobidi loboola, amene anakwera ndege ya Wenela, amene anamvera Lusaka pa wayilesi ya sefuliya, atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza. Afunseni akadali ndi mawu.

Kwanuko kwatsala chiyani? Ndikufuna ndimve, makamaka ngati pali mudzi umene ukusungabe khasu losula kapena mvukuto. Sabata yamawa tibwerera kumunda, tidzakambe za kasungidwe ka mbewu ya chimanga cha makolo, nayonso ikutha mwakachetechete ngati zomwezi.